Slash kapena SC10: poganizira liwiro ndi masipeya

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Traxxas Slash ndi Team Associated SC10, ndi galimoto iti ya rimoti yomwe ingapambane mpikisano komanso yosavuta masipeya. Ine ndimathamangitsa Slash ya 2WD (yomwe mota yake imazunguza matayala awiri akumbuyo okha) pabwalo lafumbi kuno ku Dedza.

Kunena za mpikisano weniweni, SC10 ndi patali. Ndi yotsika, pokhota imamatirira pansi. Slash ndi yaitali msinkhu, moti mukakhota mwaliwiro imagudubuzika, pokhapokha mutaigulira chasisi chotsika chomwe amati LCG.

Koma nkhani yagona pa masipeya. Slash inatuluka mu 2008 ndipo ikugulitsidwabe mpaka lero, ndiye masipeya ake ali mbwee, ena opangidwa ndi makampani ena monga RPM. SC10 inalowedwa m'malo ndi mitundu yatsopano, ndiye masipeya ake ndi ovuta kupeza. Ife timaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa abale obwera pa basi, ndipo kanthu kakathyoka mumadikira masabata galimoto ili pashelefu. Zimapweteka, makamaka mwana akamafunsa tsiku lililonse.

Tengani Slash. Poitanitsapo onjezerani spur gear (giya yaikulu ya mano yomwe imazunguzidwa ndi mota) ziwiri, chifukwa timiyala ta kwathu kuno tikalowa timadya mano ake msanga.