Za laputopu ya mnyamatayu, ndalama muyambe mwazigwira kaye

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Mwati mnyamatayu akudandaula kuti gemu yake ya mpira ikumadukizadukiza pa laputopu, ndiye akufuna mumugulire ina yolembedwa i7 imene waiona ku Area 2. Ayi, musathamangire.

Kachizindikiro ka i7 kaja ndi dzina la mtundu wa purosesa, ubongo wa kompyuta, koma pakokha sikanena kanthu. Alipo ma i7 a 2013, aliponso a zaka zaposachedwapa. Muziona nambala yotsatirayo. Ikakhala ngati i7-4600U, ndiye kuti ndi ya m'badwo wachinayi, nkhalamba zedi, moti i5 ya m'badwo wa 12 imaisiya kutali. Komanso Windows 11 imafuna m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pomwe Windows 10 a Microsoft anasiya kuisamalira mu Okutobala 2025. Ndiye makina akale kwambiri musawayandikire ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Koma nkhani yeniyeni si imeneyo. Chimene chimasenza gemu ndi graphics card, kachipangizo kojambula zithunzi zonse zimene mukuona pa sikirini. Gemu kuti iyende mosalala pamafunika zithunzi 60 pa sekondi imodzi. Zikatsika pansi pa 30, m'pamene osewera aja amayamba kuyenda modumphadumpha. Tsono malaputopu a mu ofesi awa, ma HP ndi ma Dell obwera atagwira kale ntchito kunja, ambiri alibe khadi lakelake. Ali ndi kaja ka Intel HD kapena UHD, kamene kamachita kubwereka RAM ya kompyuta yomweyo, malo amene kompyuta imasungapo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito. Kulembera, kuonera mafilimu, zimatheka bwinobwino. Koma gemu ija, imene anawa akuitchulabe FIFA ngakhale inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, eni ake analemba kuti FC 24 imafuna RAM ya 8GB, khadi la GTX 1050 Ti kapena RX 570, ndi malo okwana 100GB. Apo ndi poyambira chabe, kuti ingoyenda. Ndipo pa laputopu khadi limenelo ndi lowotcherera pa bolodi, simungazule n'kuikapo lina ayi.

Musanatulutse ngakhale tambala, ayesere izi. Azisewera chaja ili pamoto, chifukwa laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsa yokha mphamvu. Magetsi akathima, angoivundikira akawerenge, hahaha. Ndiye pali kutentha. Ine ndikukayikira kwambiri pamenepa, chifukwa ndikumudziwa, amaiika pabedi pamwamba pa bulangete. Timabowo topumira tili pansi, ndiye titsekeka. Onjezani fumbi la Lilongwe lino ndi dzuwa la Okutobala. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzibweza yokha kuti isapse. Chizindikiro chake n'chakuti gemu imayamba bwino, pakapita kanthawi n'kuyamba kukoka, fani ili kulira. Zikakhala choncho, apite nayo kwa okonza akaipukute m'kati ndi kupaka thermal paste watsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kugula ina.

Alowenso mu settings za gemuyo atsitse kuwoneka bwino kwa chithunzi kuchoka pa 1080p kufika pa 720p. Madontho ojambulidwa amachoka pa 2 miliyoni n'kutsika kusafika ndi theka lomwe, ndiye khadi limapumako. Mithunzi, udzu, anthu a m'masitandi, zonsezo aike pa low. Chrome atseke.

Za RAM, ngati ili 4GB kapena muli kamodzi kokha ka 8GB, kuwonjezera kachiwiri kofanana nako kumathandiza ndithu, makamaka pa makhadi obwereka aja. SSD, disiki yosungira zinthu yothamanga ija, nayo ndi yabwino, koma asakunamizeni: imafulumizitsa kuyaka ndi kutsegula gemu, osati kuthamanga kwa mpirawo.

Zonsezi zikakanika ndiye tikambe zogula. Ine maganizo anga, ngati n'zongosewerera pakhomo, bola kompyuta ya patebulo, chifukwa khadi mumatha kusintha m'tsogolo, kungoti ndi magetsi athuwa imafuna UPS, batire yoisunga ili yoyaka kwakanthawi akathima. Ngati ikhale ya kusukulu komwe, laputopu, koma yokhala ndi khadi la GTX 1650 kapena RTX, ndipo tikaiyesere gemuyo pashopu pomwepo tisanalipire. Muganizirenso bandulo, chifukwa magemu amenewa sachedwa kufuna update ya ma GB ambirimbiri, ndipo wolipira ndinu.

Pakadali pano mumuuze adine Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, alowe pa Performance, ajambule pamene palembedwa CPU, Memory ndi GPU, aponye m'gulu muno. Ndikaona ndikuuzani ngati ili yokonza kapena ayi. Mupereke moni kwa alamu.