External ya 2TB pa theka la mtengo, ndigule?

FUNSO: Akulu, ine ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo pa maukwati ndi zinkhoswe, ndiye laputopu yanga yadzadza moti pa C paja pakungooneka zofiira. Ndaona wina pa Facebook akugulitsa external (hard drive yosungira mafayilo yolumikiza pa USB) ya 2TB yolembedwa Seagate pa theka la mtengo wa m'shopu, akuti ndi yatsopano anabwera nayo ku Joni. Ndikufuna ndisamutsireko zonse kenako ndifufute mu laputopu ipumeko. Ndigule kapena andiponda?
Wojambula, Zomba

YANKHO: Achimwene mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Kutchipa pakokha si mlandu ayi, mashopu amatsitsa ndithu akafuna kutulutsa katundu wokhalitsa. Koma theka, kwa munthu woti mukakumana naye pa depoti, pamenepo musathamangire kutumiza ndalama.

Ine ndinatsegulapo ina ya mnzanga yomwe anagula chonchi. Kunja kabokosi kokongola bwinobwino, mkati munali kafulashi kakang'ono komata ndi guluu, pambali kachitsulo kongoti kazilemera m'manja. Zoterezi pa kompyuta zimalemba 2TB koma malo enieni ndi ochepa, ndiye zikadzadza zimayamba kulemba pamwamba pa zakale osakuuzani, mafoda mumawaona onse ndi mayina awo koma mukadina chithunzi sichitseguka, ndipo mumadziwira tsiku loti akwati abwera kudzatenga zawo.

Ndiye mupite ndi laputopu yanu. Mukailumikiza muigwire, hard drive yeniyeni imanjenjemera pang'ono, mukaiyika kukhutu mumamva ikuzungulira. Mutsitsiretu kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kamaonetsa maola omwe yagwirapo ntchito pa Power On Hours. Munthu akuti yatsopano koma pakuoneka maola masauzande, kapena palembedwa Caution chachikasu, muisiye pomwepo. Serial number, nambala yolembedwa pa kabokosi ka external, muilowetse pa tsamba la warranty la Seagate muone ngati akuidziwa. Kayezedwe kotsimikizika ndi pulogalamu ina yotchedwa H2testw, imalemba disiki yonse nkuwerenganso, koma pa 2TB ndi nkhani ya usiku wonse mwinanso kupitirira, ndiye mugwirizane naye kuti ikalephera akubwezerani ndalama. Akayamba zoti ndili pa changu ena akuifunanso, mwayankhidwa kale.

Chimodzi chokha musakangane naye: ikalemba 1.81TB sanakubereni. Opanga amawerenga ndi 1000 pomwe Windows imawerenga ndi 1024, nchifukwa chake ya 1TB imaoneka 931GB.

Koma chandidetsa nkhawa kwambiri mu funso lanuli si mtengo, ndi pomwe mwati mufufute mu laputopu. Achimwene, kusamutsa si backup, backup ndi kukhala ndi kope lina pamalo ena. Zithunzi zikakhala malo amodzi basi, kaya ndi mu laputopu kaya mu external yodula yogula ndi lisiti, ndi zomwezo. Mkati mwa timabokositi muli mbale zozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, kamutu kowerenga kali pafupi kwambiri ndi mbaleyo, ndiye ingogwa patebulo ikugwira ntchito mudzamva kuti tiki tiki tiki, ukwati wa anthu wapita. Ukwati saubwereza, mkwatibwi mudzamuuza chani?

Ndikanakhala ine, ndalamayo ndikanawonjezera nkugula ziwiri za 1TB m'shopu yopereka lisiti. Ntchito iliyonse izikhala pa zonse ziwiri musanafufute pa memory card. Imodzi izikhala kunyumba mu kabati, osamayenda nayo, chifukwa wakuba akatsomphola chikwama pa kabaza amatenga laputopu ndi external pamodzi. Zithunzi zosankhidwa bwino zija muziponyanso pa Google Drive, malo osungira mafayilo pa intaneti, amapereka 15GB yaulere, ngakhale bandulo imapweteka, mavidiyo okha sangakwaneko.

Mugule zing'onozing'ono zija za 2.5 inch zomwe zimadya moto wa pa USB. Zikuluzikulu zofuna adaputa yakeyake magetsi akathima muli pakati pokopa zimazima pomwepo, mafayilo nkuwonongeka. Musanazule muzidina kaye Eject. Ndipo anzanu obwereka kuti akakopere mafilimu muziwakaniza popanda manyazi, imabwerako ndi ma virus, mafoda onse atasanduka ma shortcut.