Chiwongolero chikunjenjemera mukaponda mabuleki? Musafulumire kutaya ma disc

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Pretoria. Ali ndi Toyota 86 yomwe amakathamangitsa ku bwalo la mipikisano ya magalimoto la Zwartkops masiku a track day, pomwe anthu wamba amaloledwa kuthamangitsa magalimoto awo m'bwalomo. Akuti akangozungulira kangapo, chiwongolero chimanjenjemera akaponda mabuleki. Makaniko anamuuza kuti ma disc (mbale zachitsulo za mabuleki zomwe zimazungulira ndi tayala) apindika, wagula atsopano kawiri konse, koma vuto likubwerabe. Funso lake n'lakuti, kodi akumugulitsa ma disc abodza?

Achimwene, sindikukhulupirira kuti ndi abodza, ndipo ndikukayika ngati anapindikadi. Ma pad, omwe amapana disc mukaponda buleki, akatentha amasiya kansalu kopyapyala ka zinthu zake pamwamba pa disc. Zimenezo n'zoyenera, buleki amagwira bwino chifukwa cha komweko. Vuto limayamba kansaluko kakamatirira mosafanana, pena kochindikala, pena kopyapyala. Tayala likamazungulira, pad imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndipo ndi zomwe mukumva m'manjazo.

Chimayambitsa n'chiyani? Kawirikawiri ndi ife eni. Munthu wathamanga zolimba, walowa mu pit (malo oimikapo magalimoto pambali pa bwalo) mabuleki ali moto, waima phazi lili pa buleki, kapena wakoka handibuleki. Pad imadinda chithunzi chake pa disc ngati simbi yoiwalika pa malaya. Chotsani tayala muyang'ane, mwina muona chidindocho ndi maso. Ndiye ulendo womaliza muzizungulira pang'onopang'ono osaponda mabuleki kwambiri, kuti mphepo iwaziziritse. Mukaima siyani galimoto mu giya, kapena ikani mwala kutayala.

China ndi ma pad enieniwo. Simunandiuze omwe mukugwiritsa ntchito, koma ngati ndi apamsewu wamba, ndi omwewo akukudyerani ndalama. Zwartkops ndi bwalo lalifupi, makilomita 2.4 okha, makona ali pafupipafupi, mabuleki sapeza mpata wopuma. Pad yopitira kuntchito siingapirire kutentha koteroko, imangopaka disc mwachisawawa. Gulani ma pad a pa track, ndipo musanalowe nawo m'bwalo muwazoloweretse: pamsewu wopanda anthu, pondani mwamphamvu kuchoka pa 100 kufika pa 15 km/h, osaima, kasanu ndi katatu kapena kakhumi motsatizana, kenako yendani mphindi zingapo azizire. Ngati wopanga ma pad analemba njira yake, tsatirani yakeyo. Njira yomweyi nthawi zina imachotsa kunjenjemera kukakhala kuti kwangoyamba kumene.

Koma poti mwasintha kawiri, ine ndikuloza chala pa hub, chitsulo chomwe disc ndi tayala zimamangidwapo. Kadzimbiri kakang'ono pomwe disc imakhala n'kokwanira kuti izungulire mopendekeka, ndipo pakapita masabata imadyeka mbali imodzi. Uzani makaniko apale pamenepo mpaka chitsulo chiwale, ayeze ndi dial gauge (kachipangizo koyezera kupendekeka), kupendekekako kusapitirire 0.05 mm. Manati amange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati kudumphira pa sipanala monga timaonera m'magalaja ena. Aonenso mabushi ndi ma bearing.

Ma disc muli nawowo angapalidwe pa makina ngati kuchindikala kwake sikunafike pa mlingo wotsiriza wolembedwa m'mbali mwake. Koma mukaona madontho akuda kapena abuluu olimba, chitsulocho chinapsa n'kusintha mkati, kupala kungobisa kwa masiku ochepa. Ndipo ming'alu ikafika m'mphepete mwa disc, imeneyo musalowe nayonso m'bwalo.