Kuika matimu enieni mu gemu ya mpira

Achimwene, mwafunsa ngati mungaike Silver Strikers ndi matimu ena a mu Super League mu gemu imene mukupanga kuno ku Lilongwe. N'zotheka, koma chilolezo si chimodzi. Dzina ndi baji n'za timu, za ligi mukambirane ndi SULOM, bungwe loyendetsa ligiyi, nkhope ya wosewera ndi yake, ndipo pa nyimbo yambirani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso.

Pa migwirizano yotere eni dzina amafuna ndalama zoyambira gemu isanatuluke, kenako gawo lawo pa malonda. Mukagulitsira pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, nawonso amadula 30 peresenti. Werengerani zotsalazo musanasaine.

Chimene chimapweteka kwambiri ndi kudikira. Jezi, mitundu yake, ngakhale chithunzi chotsatsira, zonse ziyenera kuvomerezedwa, ndipo timu ikasintha sponsa pakati pa ntchito mujambulanso jezi pomwe ojambula anu akudikira malipiro. Choncho mgwirizano utchule masiku oti akuyankheni, komanso zaka zake, chifukwa chilolezo chikatha gemu imachotsedwa pamsika. Ngakhale EA, kampani yopanga magemu, inasiya dzina la FIFA pa gemu yake ya mpira mu 2023 patatha zaka pafupifupi 30.

Ine ndinganene kuti muyambe ndi matimu ongopeka, mayina ndi majezi zikhale mu fayilo yapadera yosavuta kusintha. Gemu ikakoma, mupite nayo kwa timu imodzi kaye.