Kulawa mowa wa craft (wofulidwa ndi makampani aang'ono): muyambe ndi uti?

Funso: Akonzi, ndikufuna kulawa pilsner, IPA ndi stout tsiku limodzi, koma ndikafika pa botolo lachitatu zonse zimangokoma mofanana. Nditani?

Yankho: Yambani ndi mowa wopepuka. Pilsner (mowa wopepuka wooneka wachikasu) ikhale yoyamba, kenako IPA (India Pale Ale, mowa wowawirapo), stout (mowa wakuda) pomaliza. Ngati IPA yanu ndi yowawa kwambiri, muyiike kumapeto, chifukwa kuwawa kwa hops (maluwa omwe amathira pofulula kuti mowa uziwawa ndi kununkhira) kumakhalitsa pa lilime n'kuphimba zonse zobwera pambuyo. Mamililita 100 pa mtundu uliwonse ndi okwanira, ndipo muzitsuka mkamwa ndi madzi musanasinthe.

Ambiri amalakwitsa pa kuzizira. Pilsner imafuna madigiri 4 mpaka 7 a Celsius, IPA 7 mpaka 10, stout 10 mpaka 13. Stout yongotuluka mufiriji imabisa fungo lake la khofi ndi chokoleti lochokera ku chimera chokazinga, choncho idikireni kaye mphindi 15.

Musamwere m'botolo. Thirani mu tambula yotsukidwa bwino, poti mafuta kapena sopo wotsalira amapha thovu. Nunkhizani musanamwe.

Phunziraninso kuzindikira mowa wowonongeka, kuti musanyoze mtundu wonse chifukwa cha botolo limodzi. Fungo ngati la kanyimbi limabwera kuwala kukafika pa hops, makamaka m'mabotolo obiriwira kapena oonekera mkati. Kukoma kwa katoni yonyowa ndi chizindikiro choti munalowa mpweya kapena mowawo wakhalitsa, ndipo IPA sichedwa kutero, ndiye muziona tsiku lomwe inaikidwa m'botolo. Fungo la batala mu pilsner nthawi zambiri limasonyeza kuti wofulula anauchotsa msanga yisiti isanamalize ntchito yake.