Mpweya kapena jakisoni? Kwa achemwali a ku Randburg

Achemwali ena amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg andilembera imelo. Mwezi wamawa akukachotsedwa zotupa za m'chiberekero, ndipo mnzawo wa kutchalitchi wawauza kuti wogonekedwa ndi mpweya amadzuka ndi ululu woopsa, pomwe wa jakisoni amadzuka bwinobwino. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati munthu wobwera ngati ife angauze dokotala zimene akufuna.

Funso lachiwirili landibaya, achemwali, chifukwa inenso ndinagonapo pa kabedi kopapatiza ka kuthiyeta kuno ku Joni, pamene ankandichotsa ndulu. Anandiika chigoba kumaso, ine n'kumati mpweya uja ndi umenewu. Ayi ndithu, unali okosijeni chabe. Chimene chinandigoneka ndi mankhwala oyera ngati mkaka amene analowera mu dilipi ya padzanja, dzina lake propofol. Amawotcha akamakwera mkono, ndipo n'chifukwa chake madokotala ambiri amayamba aikamo lidocaine, mankhwala a dzanzi. Ndinatsitsimuka kummero kukukanda chifukwa cha paipi yopumira, phewa lamanja likuwawa kuposa mabala. Phewa? Opaleshoni ya pamimba? Kumeneko n'kuti anandipopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti kamera ione bwino, ndipo wotsalirawo umavutitsa mtsempha umene ululu wake umamvekera kuphewa.

Koma zanga n'zazing'ono. Bedi loyandikana ndi langa panali mayi wina wa ku Mangochi amene anamng'amba mimba yonse. Usiku wonse analuma chitenje, thukuta lili kamukamu, osatulutsa liwu. Namwino atabwera n'kufunsa kuti ululu uli pati, kuyambira 0 mpaka 10, mayiwo anati 2. Ndinawafunsa m'Chichewa kuti, "Amayi, 2 yake iti?" Iwo anati, "Mwanawe, kwa eni kuno. Ndikadandaula andifunsa mapepala." Ndinaitananso namwino uja, ndipo ngakhale anang'ung'udza kuti obwerafe timachuluka nzeru, jakisoni wa morphine anabaya, mayi aja n'kugona.

Ine kupirira kwa mtundu umenewu ndimadana nako, ndipo sindibisa. Tinakula tikuuzidwa kuti mkazi salira m'chipatala, kuti kubuula n'chibwana. Bodza. Munthu amene bala likumupweteka amaopa kutsokomola, amapuma mwapamwambamwamba, sadzuka pabedi. Mapeto ake ndi chibayo, kapena magazi kuundana m'miyendo. Ndipo amene amavutika ndi ululu waukulu masiku oyambirira ndi amenenso kawirikawiri ululuwo umawakanirira miyezi. Ndiye wina azindiuza kuti kukhala chete ndi ulemu?

Kumudzi nkhani yake ndi ina. M'zipatala zambiri za m'maboma ogoneka anthu ndi ma clinical officer, ambiri ophunzira ku Queens ku Blantyre, ndipo ketamine, mankhwala ena ogonetsa, ndi mnzawo wapamtima chifukwa satsitsa BP komanso munthu amapitiriza kupuma yekha. Azakhali anga atadzuka ku ketamine ankacheza ndi agogo amene anamwalira kalekale, ife n'kumati kwachitika zamizimu. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala omwewo, akaperekedwa pang'ono chabe pa nthawi ya opaleshoni, amachepetsa ululu wa pambuyo pake ndi morphine amene munthu angafune. Kuno nakonso amawagwiritsa ntchito motero.

Tsono za mpweya ndi jakisonizo

Pafupifupi wamkulu aliyense amagonekedwa ndi jakisoni. Kusiyana kuli pa chimene chimakusungani m'tulo: mpweya wa sevoflurane kapena isoflurane wochokera m'makina, kapena propofol yemweyo akumalowabe pang'onopang'ono mu dilipi mpaka opaleshoni itatha. Zonsezi ntchito yake n'kugonetsa, osati kupha ululu. Ofufuza ena anapeza kuti a propofol amamva ululu wocheperako tsiku loyamba, ena sanapeze kusiyana, ndipo ngakhale pamene kwapezeka n'kochepa. Mnzanuyo sananame kwenikweni, wangothira mchere wambiri. Chodziwika bwino n'chakuti propofol amachepetsa nseru ndi kusanza, ndipo kusanza uli ndi ulusi pamimba si masewera. Akazi, osasuta fodya, ndi amene amasanza m'basi (ine kuchoka Park Station kukafika Mwanza jumbo ili pamwendo) ndiwo amasanza kwambiri akadzuka.

Chimene chimasinthadi zinthu ndi zina zimene amaphatikiza. Remifentanil, wopha ululu pa nthawi ya opaleshoni, ndi wamphamvu koma amatha m'thupi m'mphindi zochepa, ndipo akachuluka amatha kusiya munthu akumva ululu mopitirira. Jakisoni wa dzanzi, monga bupivacaine, wobayidwa pabala kapena m'mbali mwa mimba mukadali m'tulo, amagwira maola angapo. Paracetamol ndi diclofenac kapena ibuprofen zikamaperekedwa pa nthawi yake, osadikira kuti mulire, morphine amafunika wochepa.

Safunsa anadya phula, achemwali. Dokotala wogonetsa amabwera kudzakuonani musanalowe kuthiyeta, ndipo kufunsa n'kololedwa, pasipoti yanu ikhale ya dziko lililonse. Iye ndi amene adzasankhe, poona thupi lanu ndi zida zimene ali nazo, koma muuzeni ngati mumasanza paulendo, ngati muli ndi zilonda za m'mimba, mphumu kapena vuto la impso, mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo ma ARV ndi azitsamba, komanso ngati wachibale wina anavutikapo kapena kumwalira atagonekedwa. Mufunseni ngati adzakubayani wa dzanzi pamimba, ndi chimene mudzamwe mukatuluka. Ngati Chingerezi chimakuthawani mukachita mantha, lembani mafunsowo papepala kapena pitani ndi mnzanu wa kutchalitchi yemweyo. Ndipo abwana anu auzeni lero lomwe kuti opaleshoni yong'amba mimba imafuna milungu 4 mpaka 6 osanyamula ndowa kapena mwana.