Chifukwa chiyani njinga yonyamula katundu imachedwa kuima?

Bambo wina amene amapititsa chimanga kumsika pa njinga watilembera pa imelo kuti: "Mabuleki ndi omwewo, koma ndikanyamula matumba awiri njinga imakana kuima. Kodi chavuta n'chiyani?"

Bambo, mwina mabuleki anu alibe vuto lililonse. Zimene mukuonazo zikufotokozedwa ndi malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu amene wasayansi wa ku England, Isaac Newton, anafalitsa mu 1687.

Loyamba limati chinthu chimene chikuyenda chimangopitirira pa liwiro lomwelo pokhapokha china chake chitachikankha kapena kuchikoka. N'chifukwa chake thumba lomangidwa mofooka limasendera kumsana kwanu mukagwira buleki mwadzidzidzi. Njinga yachepetsa liwiro, koma thumbalo likadali pa ulendo.

Yankho lanu lenileni lili pa lamulo lachiwiri: mphamvu ikakhala yomweyo, chinthu cholemera chimachedwa kusintha liwiro kusiyana ndi chopepuka. Tiyerekeze kuti inuyo ndi njinga mukulemera makilogalamu 80, mukuyenda makilomita 18 pa ola, ndiye kuti mamita 5 pa sekondi, ndipo mabuleki akugwira ndi mphamvu ya ma newton 200 (newton ndi muyeso wa mphamvu yokankha kapena yokoka). Pamalo athyathyathya muima pa mamita 5. Mukaika matumba awiri a makilogalamu 50 lililonse, kulemera kwafika 180, ndipo mabuleki omwewo akuimitsani pa mamita oposa 11.

Choopsa kwambiri ndi liwiro, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pa makilomita 36 pa ola, njinga yolemedwa ija ifuna mamita 45. Pamtsetse zinthu zimaipiratu. Msewu ukamatsika mamita 5 pa mamita 100 alionse, mphamvu yokoka ya dziko imakukokerani kumunsi ndi ma newton pafupifupi 88. Pa 200 aja pangotsala 112, ndiye ngakhale pa makilomita 18 pa ola mufunika mamita 20.

Lamulo lachitatu limati mukakankha chinthu, nachonso chimakukankhani ndi mphamvu yofanana. Pogwira buleki, tayala limakankha nthaka kutsogolo, nthaka n'kulikankha kumbuyo, ndipo kukankha kwa nthakako ndi kumene kumaimitsa njinga. Pamchenga kapena pamatope tayala siligwira bwino, limangokhukhuluzika. Kukagwa mvula, mphira za mabuleki nazonso zimaterera pa limu yonyowa.

Choncho mukanyamula, chepetsani liwiro musanayambe kutsetsereka, osati mutafika pakati. Gwirani mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, mangani matumba zolimba kuti asasunthe, ndipo mphira za mabuleki zikaperepeseka musinthe musanakweze katundu. Mtsetse ukakhala waukulu, tsikani muziikankha, dzanja lili pa buleki.